Kamphaka pa Akaunti ya Blagoy

Lamlungu, 9 Malichi

Pepani. Sindikudziwa kuti ndikupepesa ndani, poti izi palibe amene adzawerenge, koma ndimachita manyazi kuyamba kulankhula osapepesa. Nkhani yake ndi yaing'ono, mwinanso yopusa. Kungoti ndilibe womuuza. Bambo akhoza kungoseka n'kukweza wailesi.

Lero ndi tsiku lathu la filimu, ine ndi Blagoy. Chipitireni ku Jeremani kukamata matailosi, Lamlungu lililonse masana timaonera limodzi, iye uko, ine kuno ku Petrich. Amandiimbira, foni ndimaitsamiritsa ku botolo la shuga, iye n'kunena kuti, "Wakonzeka, Zori? Tiye!" Tonse timadina nthawi imodzi. Akaunti ndi yake, amalipira ndi iye mwezi ndi mwezi. Ine anangondipatsa pasiwedi n'kundiikira kankhope kanga ka mbalame pambali pa kake ka chimbalangondo. Lamulo tinapangana limodzi lokha: wina asaonere gawo latsopano yekha.

Filimuyo ndi ya mayi wamasiye woweta njuchi, amene wina anamuwotchera ming'oma yonse. Mpaka lero sitikudziwa kuti anawotcha ndani. B. amati ndi mlamu wa mayiyo. Ine ndimati ndi bambo wa positi uja, amamwetulira kwambiri.

Magawo omaliza sali m'gulu la zolipira pamwezi, ndi ogula padera. Ndinawagula ine mwezi watha ndi khadi langa, ngati mphatso ya tsiku la dzina lake, pa 25 mwezi uno, tsiku limene onse otchedwa Blagoy amachita chikondwerero. Anati abwera kunyumba tsiku limenelo. Ndinamuuza kuti asawatsegule, tidzaonere mapeto titakhala pa sofa imodzi. Ukwati wathu ndi mu Sepitembala.

Ndiye lero galu wa mayi uja anagwera m'chitsime, ine ndinakuwa. B. anati, "Usalire iwe, amutulutsa." Ndinati wadziwa bwanji? Anati, "M'mafilimu sapha agalu."

Titamaliza ndinadina chimbalangondo chake. Sindinachitepo zimenezi. Gawo lililonse limene munthu waonera limakhala ndi kamzere kofiira pansi. Timizere take tapitirira tanga kutali.

Lolemba, 10 Malichi

Ndamufunsa. Akuti anabwera wotopa, anagona TV ili chiyakire, zinangodziyendera zokha. Zimatheka, inenso zinandichitikirapo.

Koma munthu wogona adziwa bwanji za galu?

Lachiwiri, 11 Malichi

Pali kankhope kachitatu. Kamphaka kovala riboni. Dzina lake Rumi.

Lachitatu, 12 Malichi

Kufakitale ndasoka kolala mozondoka. Ine! Chiyambireni ntchito akapitawo sanandibwezerepo malaya, lero andibwezera. Achemwali Ginka, amene amasoka manja pa makina oyandikana ndi anga, anazindikira msanga. Pa nthawi yopuma anandikokera panja pamene amasutira fodya.

"Lankhula, kamwana. Nkhope ngati wameza singano."

Ndinawaonetsa foni. Ndinati mwina ndi Rumen, mwamuna, mnzake wa kuntchito.

Anaseka mpaka kutsokomola. "Mwamuna womata matailosi, manja ngati mafosholo, n'kukasankha kamphaka ka riboni? Zori, Zori. Ine amuna awiri andisiya, ndipo onse anayamba ndi kugona TV ili chiyakire."

Ndinati Blagoy si wotero.

"Eya, wako anamuumba ndi dothi lina. Idya apulo wako."

Madzulo ndinamulembera B. kuti Rumi ndani. Anayankha kuti ndi munthu wa m'nyumba imene amachita lendi, alibe akaunti, wangomuthandiza. Kumapeto kwa uthengawo anaika kankhope koseka. Sananene ngati ndi mwamuna kapena mkazi. Inenso sindinafunse, ndinaopa kuoneka wansanje.

Ndine wansanje.

Lachisanu, 14 Malichi

Ndadina kamphaka. Ndikudziwa kuti si bwino, kuli ngati kutsegula kabati ya eni. Amaonera zophika makeke, za madiresi a ukwati, ndi za atsikana ovina pa ayezi. Rumen ameneyo!

Ndiponso filimu yathu. Wayiyamba pakati penipeni, pamene ine ndi B. tinali mu Januwale. Munthu sangayambe filimu imeneyi pakati ngati palibe womufotokozera kuti uyu ndani, uyu ndani. B. amafotokoza bwino, amasintha ndi mawu omwe, amalankhula ngati bambo wa positi. Ndinkaganiza kuti amachitira ine ndekha.

Loweruka, 15 Malichi

Ndinapititsa malaya ositidwa kwa amalume Stoimen. Chimwalirireni azakhali, zovala zawo ndimasita ndine. Ndinawapeza m'galaja monga mwa masiku onse. Kale anali ndi sitolo yobwereketsa mafilimu pafupi ndi msika, anthu atasiya kubwera anatseka n'kusamutsira zimbale zonse m'galajamo. Galimoto imagona panja, zimbale zimagona m'kati.

Sindinawauze za Rumi. Ndinangoti ndinagula magawo omaliza a filimu ya njuchi.

"Wagula? Bwera nayo ndiione."

Ndinati ili pa intaneti, amalume.

"Ndiye ili kuti? Uigwire ndione. Uiike m'chikwama." Anatambasula dzanja ngati wopempha. "Mwana wa mlongo wanga, iwe wagula utsi. Taona kuno."

Anakwera pa mpando n'kutsitsa chimbale china, akuti cha nkhondo, anachipukuta ndi malaya amene ndangowasita, n'kuchilowetsa m'makina. Makinawo anachimeza n'kuyamba kulira ngati chigayo. Pa TV palibe chimene chinaoneka. Anawamenya kawiri ndi chikhatho. Palibe. Anayesa kutulutsa, chinakana.

Ndinagwira pakamwa kuti ndisaseke.

"Seka! Chafa, inde. Koma ndi changa. Chafera m'nyumba mwanga. Palibe munthu wa ku Amereka angadzuke m'mawa n'kunena kuti Stoimen lero saonera."

Ndinati nanga lero mwaonera?

Anandithamangitsa ndi tsache, koma pa geti anandipatsa botolo la jamu wa nkhuyu. Pobwerera ndinkaganiza za mashelefu aja. Fumbi lokhalokha, zina zinakalika, palibe amene amazifuna. Komabe ndinawasirira. Iwo akatseka galaja, kiyi amaika m'thumba mwawo.

Lamlungu, 16 Malichi

Taonera gawo limodzi. B. sanaseke paliponse. Ndinkamva akudina foni ina. Pamene mayi uja anapeza magolovesi opserera kuseri kwa tchalitchi, ine ndinati "Mayo!" Iye anachedwa, kenako anati "Mayo" nayenso, ngati munthu woyankha ameni.

Ndinafunsa ngati wagula tikiti ya basi. Akuti mawa.

Lolemba, 17 Malichi

Watsegula. Kamphaka katsegula magawo anga ogula aja. Kamzere kofiira kali pa loyamba ndi theka la lachiwiri.

Chimbalangondo sichinasunthe chiyambire tsiku ndinamufunsa lija. Ndaganiza bwinobwino, ndipo ndikuona chonchi: akudziwa kuti ndimayang'ana chimbalangondo, ndiye akuonera pa kamphaka. Awiri. Theka la gawo, ndiye kuti anaimitsa pakati. Anaimitsiranji pakati?

Sindilemba zimene ndikuganiza.

Mphatso imeneyo ndinaigula nditasiya nsapato za bulauni zimene ndinaziona pa windo kwa nthawi yaitali. Sindikudandaula nsapato. Ndikudandaula kuti mkazi wina wakhala pa malo anga, mwina atapinda miyendo pa sofa, akudya mbewu za mpendadzuwa, n'kumaonera chinthu changa ine ndisanachione.

Lachiwiri, 18 Malichi

Nthawi ya nkhomaliro ndinathamangira ku sitolo ya mafoni. Ndinagula kafulashi katsopano. Mawu ndinawakonzeratu m'njira kuti ndisachite chibwibwi. Ndinati, bambo, ndinagula filimu pa intaneti, ndikufuna muichotsemo muiike umu, ikhale kwa ine ndekha.

Bamboyo anali akudya banitsa, chitumbuwa cha tchizi, mafuta ali m'zala. Anayang'ana foni yanga osaigwira.

"Sizituluka zimenezi, chemwali. Zimakhala momwemo."

Ndinati koma ndinalipira ine. Ndinamuonetsa uthenga wa ku banki.

"Ndaona. Akauntiyi ili m'dzina la ndani?"

Ndinati la chibwenzi changa.

"Ndiye ndi yake."

Ndinati ndiye ine ndinagula chiyani?

Anapukuta zala pa thalauza. "Mwagula chilolezo choonera. Nachonso mwamugulira iyeyo. Inu mumalowa chifukwa wakutsegulirani chitseko. Ngakhale iyeyo si yake kwenikweni, a kampani akafuna kuichotsa mawa aichotsa. Mukanatsegula akaunti yanuyanu, bola."

Sindinadziwe kuti munthu ngati ine akhoza kutsegula yake. Ndinkaona ngati zimenezi ndi za anthu odziwa Chingerezi. Mayi wina amene anali pambuyo panga anapumira m'mwamba, ndiye ndinati zikomo kawiri n'kutuluka. Kafulashi kali m'thumba la jekete, kopanda kanthu.

Lachinayi, 20 Malichi

Adokowe abwera, ali pa chisa chawo pamwamba pa mtengo wa magetsi pafupi ndi siteji ya basi. Tonse a kufakitale tinavula timaulusi tathu tofiira ndi toyera ta pamkono, timene timavala mu Malichi mpaka titaona dokowe, n'kumangirira pa mtengo wa maula wa kuseri kwa fakitale, monga chaka chilichonse. Achemwali Ginka anakuwa anthu onse akumva, "Adokowe achoka ku Afirika afika, wa Zori ali pa Jeremani pomwepa tikiti ikumuvuta!" Atsikana anaseka. Inenso ndinaseka, nanga ndikanatani.

Pambuyo pake anandigwira phewa. "Ukufuna kudziwa? Mufunse mphakayo mwini wake."

Ndinati ndilibe nambala yake.

"Nambala ya chiyani? Dzina la kambalame kako limasinthika. Lemba pamenepo, aliyense wotsegula TV awerenga. Ine mlamu wanga ndinkamutukwanira pomwepo chaka chonse."

Ndayesa. Malo ake ndi ochepa, mawu ambiri salowa. Ndinayamba ndalemba pa pepala mpaka atakwana. Poyamba ndinalemba "Pepani, inu ndani?" Kenako ndinachotsa pepani. Tsopano pansi pa mbalame palembedwa kuti: "Ndine Zori. Inu ndani?"



Lachisanu, 21 Malichi

Wayankha. Pansi pa kamphaka palembedwa kuti: "Rumyana. Mlongo wa B. eti?"

Mlongo.

Loweruka, 22 Malichi

Blagoy alibe mlongo. Ali ndi mchimwene mmodzi ku Plovdiv, basi.

Ndatsuka mawindo onse, ndachapa makatani, ndakolopa mpaka pansi pa bedi la bambo. Bambo anati, "Kukubwera bishopu?" Ndinamuimbira B., sanayankhe. Ndinaimbanso, sanayankhe. Madzulo anatumiza mawu ojambula. Akuti abwana akana kumupatsa tchuthi, pali bafa la hotela lofunika kumaliza, mwina abwera pa Isitala. Akuti ndisakwiye, "kambalame kanga". Za dzina limene ndalemba sanatchule. Za mlongo sanatchule. Kumbuyo kwa mawu ake kumamveka mpopi ndi mbale zikugundana. Munthu wogwira foni satsuka mbale.

Ndamvetsera mawuwo kambirimbiri, osati ake, koma a mbalezo. Amatsuka mofulumira. Saopa kuswa.

Ndikufuna kudziwa ngati ndi wamtali. Ngati anafika ku yunivesite. Ngati amalankhula pagulu osafiira makutu. Rumyana. Ndi dzina la munthu amene amalowa m'sitolo n'kunena chimene akufuna kamodzi kokha.

Lamlungu, 23 Malichi

B. analemba m'mawa kuti lero sitionera, akugwira ntchito. Lamlungu, ku Jeremani, kumene iye mwini anandiuza kuti ngakhale kukhoma msomali tsiku limeneli aneba amaitana apolisi.

Bambo atapita kukasewera makadi ndinatseka chitseko, ndinaphika khofi, n'kukhala pa sofa. Botolo la shuga ndinalisiya m'kabati. Ndinaonera magawo onse otsala, kenako ogula aja, limodzi ndi limodzi, osadumpha ngakhale nyimbo yoyambira. Ndaphwanya lamulo. Ndinaganiza kuti ngati sindingaiike m'chikwama, ndiiike m'mutu, mmene munthu sangasinthe pasiwedi.

Si mlamu. Si wa positi. Anawotcha ming'oma ndi mwana wake wamkazi wa mayiyo, chifukwa ankafuna kuti agulitse munda asamukire ku tauni. Ndinalira kwambiri, ndipo panalibe woti ndimuuze kuti "Waona?"

Nditayang'ana kamphaka, kanali katatsala ndi magawo awiri. Ndiye kuti akusunga mapeto. Akusungira Lachiwiri, tsiku la dzina lake, ndikudziwa. Keke aphika yekha, si amaonera zophika makeke.

Ndinatsegula pa dzina la mbalame. Ulendo uno sindinayambe ndalemba pa pepala. Ndinalemba ndi zilembo zazikulu: "ANAWOTCHA NDI MWANA WAKE."

Zinakwana ndendende.

Sindinachitepo chinthu choipa dala chibadwire. Ndinkayembekezera kuti ndimva chisoni. Ndadya mkate ndi jamu wa amalume, ndipo wakoma.

Lolemba, 24 Malichi

B. anaimba nthawi yopuma, ine ndili panja ndi achemwali Ginka. Munthu amene sayankha foni, lero waimba yekha.

"Wapenga iwe? N'chiyani chimene walemba pa TV?"

Ndinati ndalemba zimene ndaona mu filimu imene ndinagula.

"Miyezi yonseyi tikudikira! Waononga zonse! Rumi mpaka walira!"

Ndinati, "Rumi walira."

Ndinkamva makina odulira matailosi chapatali.

"Zori, si mmene ukuganizira. Ndi munthu chabe wa m'nyumba muno."

Ndinati nanga n'chifukwa chiyani akuti ndine mlongo wako?

"Iyeyo anangoganiza yekha."

Ndinati, ndiye unamukonza?

Anati abwana akumuitana.

Achemwali Ginka anamva zonse. Sanaseke. Anandipatsa ndudu, ine sindisuta, ndinangoigwira mpaka belu linalira. Polowa anati, "Koma kamwana iwe, uli ndi ululu ngati mavu. Ine sindikanaiganiza imeneyo."

Nditafika kunyumba ndinayatsa TV. Yandifunsa pasiwedi. Ndinalemba mosamala, chilembo chimodzichimodzi. Akuti ndi yolakwika. Ndinalembanso. Yolakwika.

Lachiwiri, 25 Malichi

Tsiku la dzina saitana munthu, umangopita. Mwini dzina kulibe, koma mayi ake, mayi Velichka, amayala tebulo chaka chilichonse. Ndinaganiza zosapita. Kenako ndinaganiza kuti ndikapanda kupita mudzi wonse ufunsa. Nditaweruka ndinagula maluwa ndi bokosi la chokoleti.

Anandilandira ndi manja awiri. "Mpongozi wanga! Waonda iwe, kufakitaleko sakupatsani chakudya?" Panali aneba, achimwene a B. ndi akazi awo, ndi amalume ena amene anali atayamba kale rakiya, kachasu wa kuno. Anamwa kufunira B. moyo wautali. Inenso ndinakweza tambula.

Alendo atachepa, mayi anandikokera kuchipinda chochezera. "Bwera undithandize, iwe ndi wa maso abwino. Blagoy wandiikira mafilimu dzulo, anandiuza pa foni podina, koma ndasokoneza. Akuti muli ya njuchi yonse mpaka kumapeto. Mwana wanga ameneyu, tsiku lake iye, mphatso akupatsa ine."

Anandipatsa rimoti. Ndinayatsa.

Chimbalangondo. Kamphaka. Ndi duwa, pansi pake palembedwa "Mayi".

Mbalame palibe. Sanasiye ngakhale mpata pamene inali, tinkhope tatatuto tayandikana bwinobwino.

"Kamphakako ndi ka mtsikana wa kunyumba kwawo ku Jeremani," anatero mayi. "Akuti amawaphikira anyamata onse. Mulungu amudalitse, mwina mwana wanga anenepako. Iwe wako uli pati?"

Ndinati ine ndimaonera pa foni.

Ndinawatsegulira gawo loyamba, ndinawakwezera mawu, ndinawaonetsa poimitsa. Anakhala pansi mosangalala, mbale ya maswiti pamiyendo. Ndikuvala jekete anakuwa osatembenuka, "Loweruka ubwere ndi tepi yako yoyezera! Nsalu ya makatani a chipinda chanu ndagula kale, ya maluwa a buluu. Usoke wekha, ena aononga."

Ndinati chabwino, mayi.

Ndili pa siteji ya basi ndinamulembera. Sindinayambe ndi pepani. Ndinati: "Blagoy, filimuyo khala nayo. Mayi ako akufuna ndikayeze mawindo a chipinda chathu Loweruka. Nsalu ikadulidwa sibwerera ku sitolo. Ndipite ndi tepi kapena ndisapite? Ngati ndisapite, uwauze ndiwe."

Wawerenga. Panaoneka kuti akulemba, kenako wasiya. Akulembanso. Wasiyanso.

Basi yadutsa, sindinakwere. Ndikulemba izi pa bondo. Yankha msanga, Blagoy, Loweruka si kutali.